Liwu la "Stagger": Kudzandira, Kuzizwa ndi Kusiyanitsa Nthawi

Omvera amene amatsatirako nkhani za m'Cingerezi amakumana kawirikawiri ndi liwu lakuti "stagger". Liwuli limavuta ngakhale ife omasulira nkhani, pakuti palibe liwu limodzi la Cinyanja limene lingalowe m'malo mwake paliponse.

Tanthauzo lake loyambirira ndi kudzandira. Munthu woledzera, wofooka ndi malungo kapena wosenza thumba lolemera la cimanga akamayenda ngati agwa, Angerezi amati "he is staggering". Akatswiri a zinenero amati liwuli linacokera ku cilankhulo cakale ca ku Scandinavia, kumene "stakra" linali kutanthauza kukankha kapena kudzandira.

Nkhani yodzidzimutsa nayo imamkankha munthu, ngakhale ali cikhalire pampando. Motero wina akati "I was staggered" sakunena za miyendo yake ayi. Akuti wazizwa mpaka kusowa conena. Atolankhani amakonda kuika "staggering" patsogolo pa ciwerengero cacikulu, ndipo ena amacita kunyanya. Liwuli silinena ngati cinthuco ndi cabwino kapena coipa. Ngongole ya dziko ikhoza kukhala "staggering", zokolola za caka ca mvula yabwino cimodzimodzinso.

Tanthauzo lacitatu ndilo lofunika kulimvetsa bwino, cifukwa limapezeka m'zilengezo za boma ndi za makampani. Apa "staggered" ndi kukonza zinthu kuti zisacitike nthawi imodzi, koma motsatizana. M'caka ca 2020, masukulu a m'Zambia atatsekedwa m'mwezi wa Marichi cifukwa ca matenda a Covid-19, ana a mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 anabwerera pa 1 Juni, pamene anzao otsala anayembekeza kufikira Seputembala. Kutsegula kotere ndiko kumachedwa "staggered reopening". Kholo limene lamva liwuli m'cilengezo liyenera kufunsa tsiku la kalasi la mwana wake lisanalipire basi. Nayenso wanchito akauzidwa kuti ndalama zake zidzaperekedwa mwa "staggered payments", adziwe kuti adzalandira pang'onopang'ono, osati zonse pamodzi.

Okonda masewero analionapo kale tanthauzoli ndi maso. Pa mpikisano wa mamita 400, monga umene Samuel Matete anapambana modumpha zopinga ku Tokyo mu 1991, kapena umene Muzala Samukonga anatengako mendulo ya bronze ku Paris mu 2024, othamanga sayambira pamzere umodzi. Njira ya kunja ndi yaitali pokhota, conco wothamanga m'njira yacisanu ndi citatu amaikidwa pafupifupi mamita 53 patsogolo pa wa m'njira yoyamba. Oonerera ena amaganiza kuti wakonderedwa, koma onse amathamanga mtunda wofanana, ndipo kayambidwe kameneka ndiko "staggered start".