Tayala likakula, sipidomita imayamba kunama

Mkangano wake ndi wodziwika pamsewu wa M1. Wapolisi waimitsa kapikiapu kakale, akuloza manambala pamakina ake oyezera liwiro, pomwe dalaivala akulumbira kuti muvi udali pa 60 ndendende. Awiriwa atha kukokanakokana mpaka dzuwa kupendeka, chikhalirecho nthawi zina palibe yemwe akunama. Wabodza amakhala ali phee kunsi kwa galimoto, ndipo ndi matayala.

Titengere chitsanzo Nissan 1400, kapikiapu kolimba kaja komwe kamapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria m'dziko la South Africa, kuyambira m'chaka cha 1971 mpaka 2008. Kadayamba ndi dzina loti Datsun 1200 ndipo kadalandira injini yokulirapo m'chaka cha 1980. Marimu ake adali a mainchi 12 ndipo tayala lodziwika nako ndi 155R12. Koma suzumirani kunsi kwa tina tomwe tikusenzabe makabichi ndi mapulanga lerolino, mupeza marimu a 13, 14 ngakhale 15.

Zifukwa n'zomveka ndithu. Wina amafuna galimoto ikwereko kaamba ka maenje, wina amakopeka ndi marimu onyezimira, pomwe winanso amangotola tayala lomwe wapeza lotchipa pakaunjika. Chomwe ambiri sachilingalira n'chakuti sipidomita siona msewu.

Pagalimoto zakalezi, ntchito yonse imayambira kumchira kwa giyabokosi. Kumeneko kuli kagiya kakang'ono ka pulasitiki komwe kamazunguza kebulo yopita kudashibodi. Kebuloyo imazunguza maginito, maginitowo amakoka kambale ka aluminiyamu komwe kalumikizidwa ku muvi, ndipo kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamabweza muviwo kuti usathawe. Luso limeneli n'lakale zedi, mwini wake Otto Schulze adalilembetsa ku Germany m'chaka cha 1902. Choncho chomwe sipidomita imawerenga ndi kuzungulira kwa shafuti basi. Mtunda womwe tayala limayenda likazungulira kamodzi adauwerengeratu kufakitale, potengera tayala lomwe adaikako iwowo.

Apa ndiye pagona nkhani. Manambala olembedwa m'mbali mwa tayala amanena zonse kwa wodziwa kuwawerenga. Pa 185/70 R14, 185 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, 70 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi maperesenti 70 a m'lifupimo, pomwe 14 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Nambala yapakati ikasowa, monga pa 155R12, imakhala pafupifupi 80.

Tikawerengera papepala, tayala la 155R12 ndi lotalika mamilimita 553 kuchoka pansi kufika pamwamba. Likazungulira kamodzi limayenda mamita 1.74, kutanthauza kuti pakilomita imodzi limazungulira ka 576. La 185/70 R14 ndi mamilimita 615, limayenda mamita 1.93 ndipo pakilomita limangozungulira ka 518. Kusiyanako ndi maperesenti 11. Ngati sipidomita idali yolondola ndi matayala oyamba, tsopano muvi ukakhala pa 60 galimoto ili pa 67, ndipo ukaloza 80 galimoto ikuthamanga makilomita 89 pa ola.

Wina atha kunena kuti makilomita 9 n'chiyani. Afunse mabuleki. Mtunda womwe galimoto imafuna kuti iime mabuleki akagwira sukula mofanana ndi liwiro, umakula koposa. Kuchoka pa 80 kufika pa 89 mtundawo umawonjezeka ndi pafupifupi limodzi mwa magawo anayi. Mbuzi, njinga ya kabaza kapena mwana wasukulu wodumpha msewu amapezeka m'gawo lowonjezeralo. Chindapusa cha apolisi n'chaching'ono poyerekeza ndi zimenezo.

Kunena chilungamo, si kusintha kulikonse komwe kumabweretsa mavuto. Opanga galimoto amakonda kutchera sipidomita kuti izionetsa liwiro lokwererapo pang'ono. Lamulo nambala 39 la bungwe la United Nations loona za kapangidwe ka galimoto, lomwe mayiko ambiri amatsatira, limakaniza sipidomita kuonetsa liwiro lochepera pa lenileni, koma limalola kuti ipitirire ndi maperesenti 10 kuphatikizapo makilomita 4 pa ola. Ndiye tayala ngati 165/70 R13, lomwe ndi mamilimita 561, limangomezedwa m'mpata umenewu popeza kusiyana kwake sikufika maperesenti awiri. Ngakhale kuperepeseka kwa tayala lomwelomwelo kumasintha muvi ndi mlingo ngati womwewo. Apa tionenso kuti rimu yaikulu payokha si mlandu, bola khoma la tayala lifupike. Koma maperesenti 11 ndi ochuluka zedi kuti munthu adalire mpata umenewu.

Bodza silithera pa muvi. Manambala owerenga mtunda amayendetsedwa ndi kebulo yomweyo. Ulendo wa makilomita 300 udzalembedwa ngati 270. Yemwe amasintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse adzakhala akusintha atayenda oposa 5,500, ndipo akamawerengera mafuta adzaganiza kuti injini yayamba kumwa mopitirira muyeso, n'kuyamba kuvutitsa makaniko kuti atsegule kabureta yosalakwa. Pamtunda ngati wa Domwe galimoto yolemedwa idzafooka msanga chifukwa tayala lalikulu lili ngati kuyenda m'giya lapamwamba nthawi zonse, ndipo kilachi ndiyo imalipira.

Kudziwa ngati sipidomita yanu ikunama sikulira ndalama. Foni yokhala ndi GPS imaonetsa liwiro lenileni mukamayenda mosasinthasintha pamsewu wowongoka, koma foniyo agwire mnzanu, osati inu woyendetsa. Njira ina ndi ya wotchi. Pa liwiro la 60, kilomita imodzi imatenga mphindi imodzi yeniyeni. Mukaimaliza m'masekondi 54 muvi uli pa 60, dziwani kuti mukuthamanga 67.

Mankhwala ake alipo awiri. Oyamba, omwenso ndi osavuta, ndi kubwerera ku tayala lotalika ngati lomwe galimoto idabwera nalo, ndipo likhale lonyamula katundu, lokhala ndi chilembo C kapena 6PR, osati la galimoto ya bwana. Achiwiri ndi kusintha kagiya ka pulasitiki kaja. Tayala likakula kebulo imazungulira mochedwa, choncho pamafunika kagiya ka mano ochepa. Mwachitsanzo, ngati kakale kali ndi mano 18, gawani 18 ndi 1.11 ndipo mupeza 16. Dzino limodzi limasuntha muvi ndi maperesenti 5 kapena 6, motero simungalondole ndendende, mumangoyandikira. Timagiyati sitilowa m'giyabokosi iliyonse, choncho popita kwa ogulitsa zipangizo zakale nyamulani kakaleko m'thumba, ndipo mano ake muwerenge nokha musanapereke ndalama.