Pikapu yakale siifa ndi ukalamba

Aliyense woyenda m'boma la Dedza anazionapo izi. Kuseri kwa golosale, pambali pa chigayo kapena pansi pa mtengo wa mapichesi pamakhala pikapu itakhazikidwa pamiyala, matayala anagulitsidwa kalekale, kumbuyo kwake nkhuku zikuikira mazira. Mukafunsa kuti kodi galimotoyi inatani, yankho limakhala limodzimodzi, kaya ndi pa Chimbiya, pa Linthipe kapena pa Bembeke: "Inanoka injini imeneyo, bwana. Yakalamba basi."

Koma abale, tiyeni tiuzane zoona. Injini ya dizilo siifa ndi zaka ngati munthu ayi. Imafa ndi kutentha, fumbi ndiponso oyilo woipa. Ndipo ikafa imatha kudzuka n'kutumikiranso mwini wake zaka zambirimbiri, pokhapokha ntchito yoidzutsayo igwiridwe ndi muyeso osati ndi maso. Vuto lathu n'lakuti ovaholo timaitenga ngati kusoka chigamba pathalauza: bola pabisike, tipite kumsika mawa.

Nkhaniyi si ya eni magalimoto okha. Mbatata ya kachewere imene mumadya ngati tchipisi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kabichi, tomato ndi nyemba, zambiri zimachokera kumapiri kuno, zina kutsidya kwa malire ku Angonia m'dziko la Mozambique. Lole yaikulu imadikira pamsewu wa tala. Yolowa m'tinjira ta kumadimba kukatenga matumba n'kuwafikitsa pa M1 ndi pikapu. Tsiku la msika imasanduka matola, usiku imasanduka ambulansi ya mudzi wonse. Ikagona mwezi pagalaja, tomato sadikira, ngongole ya banki m'khonde siidikira, ndipo wamalonda wa m'tauni amene amaoda katundu kwa mwini pikapuyo naye amagona ndi njala.

Zambiri mwa galimoto zimenezi ndi za m'zaka za m'ma 1990. Pali Toyota Hilux ya injini ya 2L-T ya malita 2.4, pali ya 1KZ-TE ya malita 3 imene inayamba kupangidwa mu 1993, palinso Isuzu KB 280 ya injini ya 4JB1-T. Zina zinachokera ku Japan, zina zinamangidwa ku South Africa, ma Toyota ku Durban ndipo ma Isuzu ku Port Elizabeth. Wina anganene kuti bwanji osangogula yatsopano? Funso la munthu amene sanaonepo mtengo wake limenelo. Chiyambire February 1994 pamene kwacha anaisiya kuti izidzipezera yokha mphamvu pamsika, galimoto yatsopano yakhala ikuthawira kutali ndi munthu wamba. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Kuwonjezera apo, mapikapu a masiku ano akadwala amafuna kompyuta kuti inene nthenda yake, ndipo dizilo wakuda pang'ono amawapweteka msanga. Pomwe 2L-T kapena 4JB1-T, makaniko wodziwa ntchito amaimasula yonse ndi masipanala wamba. Choncho kudzutsa injini yakale si umphawi, ndi nzeru.

Nanga n'chifukwa chiyani ya turbo ndiyo yofunika kwambiri kuno? Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Pamwamba chotere mpweya ndi wopyapyala, umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa ku Beira. Injini imapuma ngati ife tomwe, ndiye mpweya ukachepa dizilo sapsa yense, mphamvu imatsika, utsi wakuda n'kumatuluka. Turbo ndiyo imabweza mpweya wosowawo. Ndi timawilo tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi: utsi wotuluka mu injini umazunguza kawilo koyamba, kachiwiriko n'kumakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Nzeru imeneyi anaitulukira ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland mu 1905. Kachitsuloko kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo chimene chimakateteza kuti kasapse ndi oyilo wopyapyala ngati pepala la fodya.

Tsono taganizirani pikapu yochokera ku Golomoti itadzaza matumba mpaka masipuling'i kuwongoka, ikukwera Khwekhwerere. Kuchokera kunyanja kufika pa Dedza ndi chikweza choposa mamita 1,000. Galimoto ili pa giya wani kapena thuu, injini ikulira, koma liwiro n'lochepa, ndiye mphepo yolowa m'radiyeta n'njochepanso. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pamtunda wa Dedza madzi amawira pa madigiri 95, osati 100. Chimene chimawaletsa kuwira m'radiyeta ndi chotsekera chake, chimene chimasunga mphamvu ya nthunzi m'kati. Chotsekeracho chikatha rabala, kapena chikalowedwa m'malo ndi chiguduli ndi pulasitiki monga timaonera, madzi amawira, hedi n'kupindika kapena kung'aluka. Injini za 1KZ-TE, zimene hedi yake ndi ya aluminiyamu, zimadziwika bwino ndi nthenda imeneyi. Kachitsekero ka mtengo wa nkhuku imodzi kamapha injini ya mtengo wa ng'ombe zingapo.

Pali chizolowezi china chimene chinazika mizu m'magalaja athu: kuchotsa themositati. Amati eti inapangidwira maiko ozizira. Kodi amene amanena zimenezi anagonapo pa Dedza mwezi wa June kapena July? Injini yopanda themositati imachedwa kutentha m'mawa, dizilo wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a silinda, maringi n'kumadyeka msanga. Ndipo m'mainjini ambiri themositati ndi imene imatseka njira yachidule ya madzi kuti onse adutse m'radiyeta. Mukaichotsa, madzi ena amangozungulira mu injini momwemo, ndiye pachikweza imatentha kuposa kale. Madzi a mumtsinje nawo amabweretsa dzimbiri ndi matope otseka timapaipi ta radiyeta.

Fumbi ndi mdani wachiwiri. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, misewu ya ku Thete, ku Lobi ndi ku Mayani imakhala ufa wokhawokha. Fyuluta ya mpweya ikatsekeka, dalaivala amaimenyetsa patayala, ena amafika poiboola ndi waya kuti "ipume". Fumbi lolowa pamenepo limadya mapiko a turbo kenako n'kupala masilinda ngati sanipepa. Mdani wachitatu ndi oyilo wa m'mabotolo a pamsewu, wosadziwika kwawo, pamodzi ndi khalidwe lozimitsa injini galimoto ikangoima. Turbo imakhala ili moto, oyilo wotsalira m'kati amapsa n'kusanduka makala, kapaipi kobweretsa oyilo n'kutsekeka. Kungoisiya injini ikulira yokha mphindi ziwiri musanazimitse, mwapulumutsa turbo. Tisaiwalenso dizilo wa m'zigubu amene ambiri anagula pa nthawi ya kusowa kwa mafuta kuyambira mu 2022. Wina amakhala ndi madzi, wina wosakaniza ndi parafini, chonsecho injekita pampu imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane.

Ndiye injini yafooka, tichite chiyani? Choyamba, musalole munthu kumasula boti ngakhale imodzi asanakuuzeni nthenda. Utsi umalankhula: wabuluu ndi oyilo amene akupsa, wakuda ndi dizilo wochuluka kapena mpweya wochepa, woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi madzi olowa m'silinda kapena manozo otha. Utsi wabuluu ukhoza kuchokera ku turbo yokha, maringi ali bwinobwino. Pali geji yoyezera mphamvu ya silinda iliyonse, ndipo makaniko amene alibe akhoza kubwereka. Anthu ambiri alipira ovaholo yathunthu pamene vuto linali turbo ndi manozo basi. Paja safunsa anadya phula.

Zikapezeka kuti injini iyeneradi kutsika, apa ndi pamene pamasiyana makaniko ndi womasula maboti. Zitsulo zonse zitsukidwe, makamaka tinjira ta oyilo ta m'buloko ndi m'kirankishafuti. Kenako ziyezedwe. Mpata wa pakati pa kirankishafuti ndi mabeyaring'i ndi wochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo palibe chala kapena diso limene lingauyeze. Pamafunika maikoromita. Silinda imadyeka kwambiri kumtunda kuposa kumunsi, ndiye mukangoika maringi atsopano m'bowo lotere, miyezi ingapo utsi wabwerera. Buloko ya Toyota imapita ku makina kukakulitsidwa mabowo ndi theka la milimita, n'kugula mapisitoni olingana ndi muyeso watsopanowo. Ya Isuzu 4JB1-T ili ndi masilivi amene amazulidwa n'kuikamo ena. Kirankishafuti ikakhala ndi mizere imakapalidwa, n'kuvala mabeyaring'i onenepa pang'ono. Hedi iyesedwe ngati siinang'aluke ndiponso ngati siinapindike. Inde, zimenezi zikutanthauza ulendo wa makilomita oposa 80 kupita ku Lilongwe, buloko ili kumbuyo kwa galimoto ya mnzanu, ndi masiku angapo odikira. Koma amene amadumpha ulendo umenewu amalipira ovaholo kawiri.

Pa masipeya ndi pamene eni galimoto timadzipweteka tokha. M'mashopu muli gasiketi ya hedi ya mitengo itatu, ndipo dzanja limathamangira yotchipa. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya pafupifupi ka 20, turbo n'kuwonjezera pamenepo, ndiye gasiketi yachinyengo siipirira. Maboti a hedi ali ndi ndondomeko yake yomangira, kuyambira pakati kupita kunja, ndiponso mphamvu yake yolembedwa m'buku, imene imafuna sipanala yoyezera. Kumanga ndi paipi yaitali mpaka mnyamata atuluke thukuta si umisiri. Lamba wa taimingi pa Hilux asinthidwe pamodzi ndi timawilo take, chifukwa akaduka mapisitoni amamenya mavavu, ntchito yonse n'kupita m'madzi. N'chifukwa chake ma Hilux ambiri a nthawi imeneyo ali ndi kanyali kolembedwa T-BELT kokumbutsa dalaivala.

Ndipo musamange injini yatsopano n'kubwezerapo chimene chinapha yakale. Radiyeta itsukidwe kapena isinthidwe, themositati ibwerere, chotsekera chikhale chatsopano. Pampu ndi manozo zipite kwa amene ali ndi makina oyesera, chifukwa nozo yodontha imatha kuboola pisitoni yatsopano. Turbo ionedwe ngati kachitsulo kake sikakugwedera, kapaipi ka oyilo katsukidwe, ndipo muthire oyilo m'turbomo musanalize injini koyamba. Turbo yotha ndi yoopsa: imatha kutayira oyilo m'masilinda, injini n'kuyamba kumwa oyilo wake womwe, kulira modzidzimutsa osazima ngakhale mutazula kiyi. Zikatero, pondani buleki, ikani giya yapamwamba n'kusiya kilatchi kuti izime, apo ayi iphulika mukuona.

Ikalira, mtima usathamange. Makilomita 1,000 oyamba ndi a ulemu: katundu wochepa, osaikakamiza pachikweza, kenako kutaya oyilo ndi fyuluta yake. Ndikudziwa kuti ngongole imakhala ikugogoda pakhomo, koma kuthamanga sikufika. Pikapu yotuluka pagalaja Lachisanu n'kukasenza matumba a kachewere Loweruka imabwerera pagalaja pomwepo.

Ena amati bola kugula injini ya kaunjika yochokera ku Japan kudzera ku Dubai kapena ku Durban. Nthawi zina ndi nzeru, makamaka buloko ikang'aluka. Koma injini za 2L-T ndi 4JB1-T zimene zikugulitsidwa chotero nazo ndi nkhalamba, mtunda umene zinayenda simuudziwa, wogulitsayo naye saudziwa. Ndalama yake yonse imatuluka kunja pamene dziko likulira ndalama zakunja. Ya ovaholo, gawo lalikulu limatsala konkuno, kwa makaniko, kwa wa makina, kwa mnyamata wophunzira ntchito.

Apa ndiye ndikulankhula ndi inu ophunzira. Tinakula tikumva kuti umakaniko ndi wa amene analephera Fomu 4. Bodza lamkunkhuniza. Zonse tatchula pamwambapa, kuwira kwa madzi, kupyapyala kwa mpweya, kufutukuka kwa chitsulo chikatentha, ndi sayansi yomwe mumaloweza pokonzekera mayeso. Bungwe la TEVETA lilipo kuyambira 1999, sukulu za ntchito zamanja zilipo, ndipo amene akuchita uinjiniya ku MUBAS, imene kale tinkaitcha Polytechnic, sangachepe ulemu atadetsa manja pa injini ya Isuzu. Amisiri akale amene amamva nthenda ya injini ndi khutu akukalamba. Wachinyamata amene angatenge khutu lawolo n'kuphatikiza ndi maikoromita ndi buku, sadzayendanso ndi envulopu ya khaki m'maofesi kufuna ntchito.

Kwa inu a bizinesi, pempho langa n'lachidule. Mukapereka galimoto, funsani kuti miyeso ya masilinda ndi kirankishafuti ilembedwe papepala. Masipeya mukagule limodzi ndi makaniko, ndipo akale akubwezereni muwaone. Makaniko woona sakwiya ndi mafunso otere, amakondwa kuti wapeza bwana womvetsa ntchito yake. Wokwiya ndi amene amafuna muzibwera mwezi ndi mwezi. Ndipo mukapeza wabwino, mulipireni bwino, musamunyengerere ndi botolo la Fanta. Mapikapu ali pamiyala aja ambiri akanakhala ali pamsewu lero, akutsitsa kachewere ku Lilongwe, eni ake akanalola kudikira sabata ziwiri kuti zitsulo ziyezedwe.