Buledi ukamuwonjezera matenda mwana

Ku Bwacha m'mawa mwana amapita kusukulu atagwira banzi kapena citumbuwa, ndipo kholo mtima umakhala pansi poti wadya. Kwa ana ambiri zili bwino ndithu. Koma alipo ena ocepa amene tirigu amawadwalitsa, ndipo cizindikiro cimodzi cimaonekera kumaso: dzuwa likangolowa mwana amayamba kupapasa, kugunda mipando, kulephera kuona mbale ya ndiwo.

Kusaona bwino kukada ndi cizindikiro ca kupelewera kwa vitamini A m'thupi. Boma linayamba kale kulimbana nalo vutoli. Kuyambira mu 1998 shuga wogulitsidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A. Pa sabata ya umoyo wa ana, kawiri pacaka, ana a miyezi 6 mpaka 59 amadonthezedwa vitaminiyu m'kamwa. Mu 2012 kunatulutsidwanso mbewu ya cimanga cofiirira ca vitamini A.

Nanga bwanji mwana wina amalandira zonsezi koma n'kumaondabe? Zifukwa ndi zambiri, monga njoka za m'mimba, cikuku ndi kutsegula m'mimba kosatha. Cina cimene sicichulidwa kawirikawiri ndi matenda amene madokotala amati celiac. M'tirigu muli cinthu cochedwa gluten. Mwana wa matendawa akadya tirigu, thupi lake limawononga lokha khungu la mkati mwa matumbo, lija limayamwa cakudya. Mafuta amangodutsa, ndipo vitamini A, amene amalowa m'thupi pamodzi ndi mafuta, amapita nawo kucimbudzi. Ayironi nayenso salowa mokwanira, magazi n'kucepa. Mimba imatupa, cimbudzi cimanunkha kwambiri, msinkhu suyenda.

Anthu ankati ndi matenda a azungu. Koma kafukufuku wa mu 1999 pakati pa ana a mtundu wa Saharawi, kumpoto kwa Africa, anapeza kuti oposa 5 pa 100 alionse anali nawo.

Mukakayikira, musathamangire kumuletsa buledi mwana. Mutengereni kukiliniki coyamba, amene angakutumizeni ku Kabwe Central Hospital kapena ku UTH ku Lusaka. Kupima magazi kumafuna kuti mwana akhale akudyabe tirigu. Mukamuletsa msanga, matenda amabisala. Ndipo musamugulire nokha makapisozi a vitamini A, cifukwa akaculuka amavulaza.

Akapezeka nawo, mankhwala ake ndi kuleka tirigu moyo wonse, matumbo n'kumapola pang'onopang'ono. Apa alimife tili ndi mwayi. Nsima ya cimanga, mapira, mawere, cinangwa ndi mpunga zilibe gluten. Cibwabwa, bondwe, kalembula, kandolo wofiirira mkati, maungu, mapapaya ndi mango zimapatsa vitamini A, makamaka ndiwo zikatenderedwa ndi nsinjiro kapena kuthiridwa saladi pang'ono. Mazira ndi ciwindi nazonso n'zabwino. Cenjerani ndi mabisiketi, masoseji ndi tumapaketi ta supu, poti nthawi zambiri mumabisala ufa wa tirigu.

Kwa Akatolika pali funso lina, pakuti mkate wa Ukaristia ndi wa tirigu. Kalata ya ku Vatican ya mu 2017 inabwereza kuti mkate wopandiratu gluten suloledwa, koma wa gluten wocepa kwambiri ndi wololedwa. Makolo a mwana wotere amene akukonzekera kulandira koyamba akambirane ndi abambo mfumu nthawi ikadalipo.