Mfuti siphulika chifukwa cha mkazi

Mwezi watha ndinakazonda mwana wa mlongo wanga kwa Nthondo, ku Ntchisi. Dzanja lake lamanzere latsala ndi zala ziwiri. Nguluwe zinkamuthera chimanga, iye n'kubwereka gogodela, mfutiyo n'kumuphulikira m'manja. Chinandiwawa kuposa bala ndi chimene ndinamva pakhonde: akuti mkazi wake sanadzisunge usiku umenewo. Mtsikanayo anali khuma kuseri kwa nkhokwe, wosalankhula ndi munthu.

Ndakalamba ndikusamalira mfuti za alonda a nyama zakutchire, ndipo bodza limeneli ndalimva ku Mvera, ku Malomo, ngakhale m'mphepete mwa phiri la Kongwe. Landikwana. Chimang'amba mfuti ndi pulesha, kutanthauza mphamvu ya mpweya wopanikizika. Onga ukayaka umasanduka mpweya wochuluka m'kuphethira kwa diso, ndipo mpweyawo umakankha mbali zonse, osati chipolopolo chokha. Mu .375 H&H, mfuti ya nyama zikuluzikulu imene Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, pulesha imaposa ya m'tayala la galimoto pafupifupi ka 2,000. Mpope wake ndi wachitsulo chosulidwira ntchito imeneyo, choyesedwa chisanagulitsidwe. Nanga gogodela wa paipi yamadzi yowotcherera pamsika angapirire bwanji?

Onganso uli pawiri. Pali wakuda wa makolo, wofuka utsi, ndi wa m'zipolopolo za masiku ano, wopanda utsi koma waukali kwambiri. Mnyamata wathuyu anandiuza yekha kuti, "Amalume, ndinathira wa m'zipolopolo zimene mnzanga anatola, ndipo ndinaonjezera kuti nguluwe igwe pompo." Mlandu wonse uli m'mawu amenewa.

Ena amati, "Nanga si azungu nawo amadzaza okha zipolopolo?" Zoona, ku South Africa ndi ku America alenje a ziphaso amadzazanso zigoba zakale, poti zipolopolo za mfuti zazikulu ndi zodula. Koma sathira ndi chikhatho. Amayeza pa sikelo ya magileni, ndipo gileni ndi kamuyeso kakang'ono zedi: 15 ndiwo amayandikira galamu imodzi. Amatsata buku la opanga onga, ndipo akaona chigoba chatupa amalekera pomwepo. Ngakhale fakitale imalakwa. Mu 1956 kampani ya Winchester inatulutsa zipolopolo za .458, ndipo patapita zaka alonda a mu Africa anayamba kudandaula kuti onga wothinana m'chigoba ukumagwirana ndi kutentha, chipolopolo n'kutuluka chofooka njovu ili pamphuno. Ngati akatswiri a sikelo zinawavuta, kuli bwanji woyeza ndi chitsekero cha botolo, usiku, ndi tochi ya foni?

Tsono mutani ndi nguluwe? Kanenani kwa amfumu ndi kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire. Amene mwayandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota mulinso ndi a African Parks, amene akuiyang'anira kuyambira 2015. Sindinena kuti chimanga chonse chipulumuka. Kulondera pagulu, moto ndi zitini zimathandizako, nyengo zina. Gogodela wopanda chiphaso ndi mlandu, ndipo ndi bwino kumupereka kupolisi kudzera kwa amfumu. Zipolopolo zotola musaziphwasule.

Loweruka ndibwerera kwa Nthondo kukakhala pansi ndi ankhoswe. Paipi yong'ambika ija ndaisunga m'thumba, aliyense akaigwire ndi manja ake, mkamwana wanga ali pomwepo.