Mwana Woona Nkhanza Amalowa Nazo M'banja Lake

Cha m'ma 2000 boma la Chiradzulu lidagwidwa ndi mantha pamene amayi angapo adaphedwa ndi kudulidwa ziwalo. Ana amene adakula m'mantha amenewo lero ndi abambo ndi amayi a m'miphakati yathu. Komabe nkhanza zimene ana ambiri amaona sizifika m'nyuzipepala. Zimachitikira m'nyumba usiku, bambo akumenya mayi, mwana ali pamphasa akunamizira kugona.

Timakonda kunena kuti mwana sachedwa kuiwala. Apa timalakwa. Mwana amene amaona ndewu kawirikawiri thupi lake limazolowera kukhala tcheru ngati ngozi ili pakhomo, ndipo chizolowezicho sichitha ngakhale ngoziyo itapita. Akakula amadzidzimuka ndi phokoso laling'ono, amasowa tulo, amapsa mtima msanga, kapena amangoti zii osayankha. Mnyamata angaphunzire kuti mkangano umatha ndi chibakera, mtsikana nkuphunzira kuti kumenyedwa ndi mbali ya ukwati. Si onse amene amatero, makamaka ngati padali wamkulu mmodzi, agogo kapena amalume, amene ankawamvetsera.

Kafukufuku wa madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda ku America, amene zotsatira zake zidayamba kufalitsidwa mu 1998, adafunsa anthu oposa 17,000. Kuona mayi akumenyedwa kudawerengedwa pakati pa mabala a paubwana, ndipo mabalawo akachuluka, matenda a nkhawa, uchidakwa ndi kuyesa kudzipha zinkachulukanso.

Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya 2016 yotchedwa Amoris Laetitia, adakumbutsa kuti mavuto ambiri a m'banja amachokera ku mabala akale amene sadapole. Ifetu pa maphunziro a ukwati timafunsa za ubatizo, ulimbitso ndi ankhoswe, koma za nyumba imene mkwati ndi mkwatibwi adakuliramo sitifunsa. Akatekisiti a ku Nguludi ndi m'maparishi ena a Arkidayosizi ya Blantyre angathe kufunsa funsoli, aliyense payekha ndiponso mwachinsinsi, popanda kukakamiza yankho.

Pamene nkhanza zikuchitikabe, kulangiza mayi kuti angopirira n'kuiwala mwana amene akuonerera. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo wovutika m'maganizo angayambire pachipatala cha boma cha Chiradzulu, chimene chingamutumize ku Zomba ngati pakufunika kutero.