MISALA SI MATENDA AMODZI

Lero tikambirane za phunziro limene ana athu ena akulitenga m'makoleji, phunziro la matenda a maganizo. Makolo ambiri amadabwa mwana akasankha phunziroli, namafunsa kuti, "Kodi misala imaphunziridwanso?" Inde, imaphunziridwa. Choyamba chimene wophunzira amatola nchakuti m'liu limodzi lija lakuti misala timakulungamo matenda ambiri osiyana, ndipo chithandizo chakenso nchosiyana.

Ntchito yosiyanitsa matendaŵa inapita patsogolo m'chaka cha 1899, pamene dotolo wa ku Germany, Emil Kraepelin, analekanitsa nthenda imene lero imatchedwa schizophrenia ndi ina imene lero imatchedwa bipolar. Wodwala schizophrenia kaŵirikaŵiri amamva mau amene anzake sakuŵamva, ndipo amakhulupirira zinthu zimene kulibe, monga kuti anthu akumupangira chiwembu. Wa bipolar amakhala nthaŵi ina ndi mphamvu zosefukira, osagona, kulankhula kosapumira. Nthaŵi ina amagwa m'chisoni chozama. Palinso depression, chisoni chimene chimakhala masabata aŵiri kapena kupitirira, munthu osakondwanso ndi kanthu, osadya bwino, mwina nkumaganiza zodzipha.

Kusiyanitsaku kumapulumutsa moyo. Munthu amene dzulo anali bwino, lero thupi latentha ndipo akubwebweta osazindikira kumene ali, angathe kukhala ndi malungo ofika ku ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Ameneyo afunika kuthamangira naye ku chipatala tsiku lomwelo. Kumumanga zingwe ndi kudikira kuti adzakhala bwino, ndiko kumutaya. Khunyu nalonso si misala ndipo silipatsirana: ndi nthenda ya ubongo imene mankhwala amatha kuigonjetsa.

Wophunzira amaphunzitsidwanso kuti matendaŵa sabwera ndi chifukwa chimodzi. Zina nzakumtundu, zina zimautsidwa ndi chamba kapena moŵa, zina ndi maliro, nkhanza ndi umphaŵi. Nchifukwa chake chithandizo chimaphatikiza mankhwala, uphungu ndi chisamaliro cha pabanja. Mankhwala a lithium anayesedwa pa odwala bipolar mu 1949, ndipo chlorpromazine anayamba kutonthoza odwala schizophrenia mu 1952.

Kuno kwathu odwala amalandiridwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndiponso kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Mzuzu komweko kuli koleji yao yophunzitsa anamwino ndi madotolo othandizira pa matendaŵa. Dzinalo nla Yohane wa Mulungu, amene iye mwini anatsekeredwapo m'chipatala cha ku Granada, ku Spain, nakwapulidwa monga ankachitira ndi odwala misala masiku amenewo. Atatuluka anapereka moyo wake wonse kusamala odwala, kufikira anamwalira mu 1550.

Tsono inu makolo, mwana akafuna phunziroli musamugwetse mphwayi. Inunso akatekisiti, mukaona Mkhristu wasintha khalidwe, musafulumire kunena kuti walodzedwa. Funsani kuti zinayamba liti, ngati akugona, ngati thupi latentha, ngati walankhulapo zodzichotsera moyo. Mupemphere naye, kenaka mumuperekeze ku chipatala, pakuti pemphero ndi mankhwala sizilimbana.