Amphaka Osowa Mwini Pakhomo Panu

Usiku onse amalira padenga, m'mawa mwapeza anapiye awiri asowa. Zikatere ambiri amathamangira tameki. Koma nyambo ya poizoni sisankha. Imapha galu, nkhuku, ngakhale mwana wokwawa pabwalo. Ndipo mphaka mmodzi akafa amabweranso wina, chifukwa chimene chinamuitana chidakalipo.

Amphakawa amatsata chakudya: mitu ya usipa yotayidwa kuseri kwa khitchini, mkute wosavundikira, dzala losakwirira lomwe makoswe asandutsa mudzi wawo. Kwirirani zinyalala, tsekani mipata ya kudenga, ndipo anapiye azigona m'khola la waya. Musazengereze, pakuti mphaka amakhala ndi bere masiku pafupifupi 65 okha, ndipo amatha kuswa katatu pachaka.

Ana auzeni kuti asamawagwire, ngakhale tiana tawo tokongolato. Chiwewe sichifala ndi agalu okha ayi, mphaka nayenso amapatsira. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba, munthu sachira.

Amayi oyembekezera asamawole ndowe za mphaka. Muli tizilombo timene timatha kuvulaza mwana ali m'mimba.